Nsapato za Tatang

Bambo ake a Edelyn anali asanavalepo nsapato zachikopa chibadwire. Kumunda wa adyo ankapita ndi mapazi okhaokha, kutchalitchi ndi patapata, ndipo wina akawaseka ankati phazi la mlimi ndi nsapato kale. Koma tsopano Charito, mzime wa m'banjamo, ankakwatiwa mu Disembala, ndipo kwathu ku Ilocos bambo amagwira mwana wake mkono n'kuyenda naye kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa, mudzi wonse ukuyang'ana. Edelyn sakanatha kupitako. Ntchito yake ku Singapore inali yosamala nkhalamba, ndipo nkhalamba sungaitsekere m'kabati kuti udzaipeze pobwera. Ndiye anangodziuza mumtima kuti ngati iye sakapondamo m'tchalitchimo, nsapato zogula iye zikapondamo.

Anauza Charito pafoni kuti aimike Tatang, monga amawatchulira bambo awo, papepala n'kuzunguliza phazi ndi cholembera. Umu ndi momwe timachitira tonse tikafuna kugulira nsapato munthu amene ali kutsidya kwa nyanja. Pepalalo linabwera ndi mtsikana wina wochokera kutchuthi. Phazi lake linali lotambalala ngati khasu, chala chachikulu chitapatuka pachokha ngati chakwiya ndi zinzake. Edelyn analiyang'ana n'kuseka, kenako anapita kubafa kukalira, chifukwa phazilo analidziwa bwino kuposa nkhope ya wina aliyense mumzinda wonsewo.

Lamlungu lililonse, tsiku lake lopuma, ankazungulira m'masitolo n'kumalowetsa pepala lija m'nsapato, ogulitsa akumuyang'ana cham'mbali. Pomaliza anazipeza: zakuda, zotakasuka kutsogolo, zonyezimira moti n'kudzionerapo. Malo ake anali okonzeka kale pamwamba pa bokosi lalikulu limene linali pakona pa kachipinda kake. Bokosi limenelo ankalidzaza pang'onopang'ono chaka chonse, sopo lero, khofi mwezi wamawa, nyama ya m'zitini, matawulo, chokoleti cha ana a mlongo wake. Ena amati ndi katundu chabe. Ife timadziwa kuti bokosi ndi munthu amene amapita kumudzi m'malo mwako.

Nkhalamba imene ankaisamala, onse m'nyumbamo ankaitchula Ah Kong, ndiye kuti agogo. Pa unyamata wawo ankasoka nsapato m'mbali mwa msewu, ndipo ngakhale mutu unali utayamba kutaya zinthu, mayina a adzukulu, tsiku la sabata, ngakhale zoti adya kale, manja okha sanaiwale kanthu. Vuto lawo linali kuyendayenda. Ukangotembenuka kuti uone mphika, iwo atuluka, akukafuna malo awo osokerapo amene anagwetsedwa kalekale. N'chifukwa chake mwana wawo wamkazi, Madamu Seah, anawagulira kachipangizo konga batani lalikulu kovala m'khosi, kamene kamauza foni yake kumene bambo ake ali. Ah Kong ankadana nako koopsa. Ankati ndi belu la ng'ombe, ndipo ankalivula n'kulibisa, lero mumpunga, mawa m'firiji, mkuja mumphika wa maluwa. Kufunafuna belulo kunali mbali ya ntchito ya Edelyn, chimodzimodzi kutsuka mbale.

Tsiku limene Edelyn anabwera nazo nsapato zija, Ah Kong anamulanda m'manja, n'kuzinunkhiza, kuzipinda, kugogoda chidendene ndi chikhadabo.

"Chikopa ndi chabwino," anatero. "Koma n'chouma gwa. Zikamuluma mwini wake. N'zandani?"

"N'za bambo anga, Ah Kong. Za paukwati."

"Ndiye ukufuna akayende ngati bakha pamaso pa asewere awo? Nsapato yatsopano ndi mbuli, iwe mtsikana. Imafunika kuiphunzitsa kuyenda. Bweretsa pepalalo."

Anaponda papepala paja, ndipo phazi lawo linakwana ndendende, kupatula chala chokwiya chija. Pamenepo anakulunga kansalu kuchala chawo kuti chikopa chiphunzirenso za chalacho. Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse, aneba ankaona Ah Kong atavala zovala zogonera ndi nsapato zaukwati, akuyenda pang'onopang'ono m'khonde lalitali la nyumba yosanjayo, Edelyn atawagwira mkono. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, nkhalambayo inasiya kuthawa. Inali ndi ntchito tsopano.

Koma sukulu ya nsapatoyo inatalika, chifukwa mphunzitsi ankakana kutulutsa ana ake asanakhoze. Pofika nthawi imene anati tsopano zapsa, Okutobala anali atatha. Edelyn anathamangira kukampani imene atsikana onse amatumizirako mabokosi, ija ili ndi ofesi, chitseko ndi chikwangwani. Mayi wa pakauntala anapukusa mutu. Sitima zapamadzi za Khirisimasi zinali zitadzaza, ndipo akanatha kulonjeza Januwale basi.

Edelyn anatuluka mutu uli pansi, akudandaula mokweza m'chilankhulo cha kwathu, poganiza kuti palibe akumva.

"Ading! Ndamva bwino kodi? Chimenecho si chakwathu?"

Ading ndi mawu amene wamkulu amaitanira mng'ono wake. Amene analankhulayo anali bambo wojintcha, wa dzino limodzi lagolide, atanyamula mpukutu wa tepi yomatira mabokosi. Anati dzina lake ndi Celso. Chilankhulo chake chinali chenicheni, chokoka mawu ngati cha amalume ake a Edelyn.

"Kwanu n'kuti, ading?"

"Ku Santa Rufina, Manong," anayankha, kumupatsa ulemu wa mchimwene wamkulu.

"Santa Rufina! Ayi, dziko ndi laling'ono. Ine agogo anga ndi a mudzi woyandikana nawo. Kuja kuli ujeni kuja, ujeni," anatero akuthyola zala.

"Mlatho wothyoka?"

"Mlatho wothyoka! Sanaukonzebe? Anthu aboma inu! Nanga mayi uja wa patchalitchi, wogulitsa ujeni uja?"

"Nana Sion wa empanada, tizitumbuwa ta nyama m'kati tija?"

"Nana Sion! Akadali moyo mayi ameneyo? Empanada yake ndimailota mpaka lero."

Edelyn anaseka mpaka kugwira pamimba. Mtima wake unali ngati wamwa madzi pambuyo pa ulendo wautali. Asanafunsidwe n'komwe anali atafotokoza zonse, za ukwati, za Tatang, za sitima zodzaza. Manong Celso anamvetsera atagwira pachifuwa. Anati mwayi wake, iye ali ndi malo m'sitima ina yonyamuka sabata yamawa, malo amene amasungira akwawo okhaokha, ndipo bokosi likafika ukwati udakali kutali.

Lamlungu lotsatira m'mawa, Ah Kong anaumirira kupukuta nsapato zija okha, n'kuzikulunga m'nyuzipepala ndi manja awo. Edelyn anaziika pamwamba pa bokosi, n'kumata tepi mbali zonse, n'kulemba dzina la Tatang ndi zilembo zikuluzikulu. Belu lija linali litasowanso, koma Madamu Seah anati asavutike, lero bambo ali m'manja mwake, alifuna madzulo. Atatuluka awiriwo kukadya kadzutsa kumsika, Manong Celso anafika ndi galimoto yoyera yosalembedwa kanthu. Edelyn analipira, ndipo mawu oti lisiti anafika pakamwa n'kubwerera. Wakwanu ungamufunse pepala ngati ukumuyesa wakuba? Celso anaona, n'kumwetulira ndi dzino lake lija.

"Ife tokhatokha, ading, mapepala n'ngachiyani?"

Masana Edelyn anapita kumene timasonkhana Lamlungu, pansi pa mitengo kuseri kwa masitolo akuluakulu, kumene timayala makatoni n'kutsegula zakudya zathu. Anapeza Manang Perlita akugawa mpunga. Manang ndi mchemwali wamkulu, ndipo Perlita analidi wamkulu wa tonsefe: imvi zake zinamerera ku Singapore konko, ndipo lilime lake linali lakuthwa kuposa mpeni wa m'khitchini mwa abwana ake. Ndi iye amene anaphunzitsa Edelyn kukwera sitima ya pansi pa nthaka ali mlendo.

"Bokosi lapita, Manang! Lifika ukwati usanachitike!"

"Lapita ndi ndani? Si paja unati sitima zadzaza?"

"Ndi Manong Celso. Ndi wakwathu, agogo ake ndi a kufupi ndi Santa Rufina."

Perlita anaika supuni pansi. "Ofesi yake ili pati?"

"Amayendera galimoto."

"Galimotoyo yalembedwa chiyani?"

"Sinalembedwe, koma..."

"Lisiti tione."

"Manang, inunso! Munthu amadziwa mpaka Nana Sion!"

"Anayamba ndani kutchula Nana Sion, iwe kapena iye?"

Edelyn anabwereza macheza aja m'mutu mwake kuyambira poyamba. Mlatho anautchula ndi iye. Nana Sion anamutchula ndi iye. Empanada ndi iye. Manong Celso sanatchule kanthu kalikonse ka ku Santa Rufina kupatula ujeni. Mudzi wonse Edelyn anamupatsa yekha, chidutswa chimodzichimodzi, Celso n'kumangomubwezera.

Pakona pa katoni panakhala mtsikana wina wofatsa, Ditas, amene kwawo ndi kutali ndi Santa Rufina, kuseri kwa mapiri. Anafunsa chapansipansi, "Wa dzino lagolide?" Onse anatembenuka. Ditas anaweramitsa mutu. "Kwa ine anati agogo ake ndi a kwathu. Ankadziwa ujeni wa pamsika. Bokosi langa analitenga mu Juni, mpaka lero. Ndinachita manyazi kunena."

"Manyazi!" anakalipa Perlita. "Manyazi akowo taona adyetsa mnzako. Ukananena, uyu akanagwamo?"

Edelyn anaimba nambala ya Celso. Foni inati nambalayo kulibe.

Perlita anamuyang'ana kwa kanthawi, ukali n'kumusiya. Anamukokera pafupi n'kumupukuta nkhope ndi kansalu ka mbale. "Tamvera, ading. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno wakuba sabwera ndi mpeni, mpeni umamangitsa msanga m'dziko lino. Amabwera ndi chilankhulo cha amako, chifukwa amadziwa kuti tili nacho njala. Si iwe chitsiru choyamba. Ine chinandidya ndi chibangili chagolide chonama, kwa munthu wondiyitana kuti mlamu."

Edelyn sanadye. Sopo ndi zitini sanaziganizire n'komwe. M'maso mwake munali Tatang atavala patapata pakhomo la tchalitchi, akuseka kuti anthu asaone kuti zawakhudza, ndiponso Ah Kong akuyenda m'khonde ndi kansalu kuchala. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti munthu uja sanamubere mwamphamvu, anamubera pomusangalatsa. Ananyamuka dzuwa likadalipo n'kubwerera kunyumba.

Anapeza Madamu Seah atagwada, mutu uli pansi pa sofa.

"Wabwera bwino, Edelyn. Belu lija ndalifuna mumpunga, m'firiji, paliponse." Anadzuka n'kutenga foni kuti aone. Anaiyang'ana, n'kuipukuta pamalaya, n'kuiyang'ananso. "Foni iyi yapenga. Ikuti bambo ali ku Tuas."

Tuas ndi kumapeto kwa chilumba, kwa mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Ah Kong anali pathebulo pomwepo, akuyamwa mutu wa nsomba.

"Ine ku Tuas?" anatero. "Ndikatani kumeneko?"

Edelyn anagwada pambali pa nkhalambayo. "Ah Kong, belu lija mwaliika pati?"

Anamuyang'ana ngati wafunsa za chibwana. "Belu amavala ndi amene ali paulendo. Ine ndikupita kuti? Zikupita kutali ndi nsapato."

Apa Edelyn anaulula zonse, akulira ndi kuseka nthawi imodzi moti Madamu anachita kumuuza kuti ayambirenso. Atamvetsa, nkhope inasintha. "Munthu wosamudziwa wamulozera pakhomo pathu? M'nyumba muli nkhalamba muno?" Edelyn anangoti zoona, Madamu, ndalakwa, n'kudikira zoti azipakira. Madamu anapuma mozama, n'kuyang'ana kadontho kofiira kamene kanali phee pafoni, kenako n'kuyang'ana bambo ake amene kwa milungu yonse ija sanathawepo. Anatenga makiyi a galimoto.

"Valani nsapato, bambo. Tikupita kupolisi, mukadzipeze nokha."

M'mawa mwake apolisi anatsatira kadontho kaja mpaka pachitseko chachitsulo cha nyumba ina yosungiramo katundu. M'katimo munali mabokosi mulu mpaka kudenga, ena omata, ambiri ong'ambidwa pamimba, ndipo Manong Celso ndi mnzake anali pakati pake akusankhula zitini ndi sopo kuti akagulitse. Akuti wapolisi atamufunsa Celso kwawo, anatchula mudzi wachitatu.

Nkhani inayenda m'mafoni athu ngati moto wa m'tchire. Atsikana amene anakhala chete miyezi yonseyo, aliyense akuganiza kuti chitsiru ndi iye yekha, anatulukira m'modzim'modzi, ndipo Perlita anawatsogolera kupolisi ngati nkhuku ndi anapiye ake. Si onse anapeza zawo. Bokosi la Ditas linali lopanda kanthu kupatula chidole chimodzi chimene akubawo anachiona chosagulitsika, ndipo Ditas anachikumbatira ngati mwana wamoyo. La Edelyn linali lisanatsegulidwe. Belu linapezeka m'nsapato ya kumanja, kutsogolo, pamalo a chala chokwiya chija.

Kuyambira pamenepo, pamakatoni pathu pali lamulo. Bokosi limapita ndi kampani yokhala ndi chitseko, ndipo lisiti timalijambula n'kutumizirana. Amene waberedwa amanena tsiku lomwelo, manyazi adzachita mawa. Ndipo munthu akangobwera ndi zoti kwanu kuja kuli ujeni, timangomufunsa kuti ujeni wake uti, n'kukhala chete kumuyang'ana. Wakwathu weniweni amayankha. Winayo amakumbukira kuti wasiya galimoto poletsedwa.

Koma apolisi anasunga katunduyo ngati umboni, ndipo masiku ankatha. Edelyn ankayang'ana kalendala ya m'khitchini ngati mdani. Madamu Seah anapitako kangapo kukachonderera, mpaka kumayambiriro kwa Disembala anawalola kutenga nsapato zokhazo atazijambula. Sitima panalibenso. Pamenepo Perlita, amene ankapita kwawo ku Khirisimasi atakhala zaka osapondako, anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Kwathu ndi kwanu ndi basi imodzi. Ndizinyamula pamiyendo, ndipo ndikawaveka ndekha bambo akowo." Anatsinzinira diso limodzi. "Kapena ukufuna lisiti?"

"Eya, Manang. Lembani."

Perlita anaseka mpaka kutsokomola. "Tsopano wakula," anatero, ndipo analembadi, kuseri kwa pepala la phazi lija.

M'mawa wa tsiku la ukwati foni ya Edelyn inalira ali pakati popatsa Ah Kong phala. Anali Perlita pa vidiyo, atavala diresi lobiriwira lowala ngati la mwini ukwati, akufuula pakati pa phokoso la mabelu a tchalitchi. Anatembenuza foni. Charito anali mu zoyera, ndipo pambali pake panaima Tatang, tsitsi lopesedwa ndi mafuta, akuoneka wamanyazi ngati mwana wa sukulu. Perlita anatsitsa foni pansi kuti Edelyn aone mapazi.

"Tatang! Zikukulumani?"

"Kuluma? Mwana wanga, nsapato izi zikuchita kunditsogolera. Ndimaopa kuti ndiyenda ngati ng'ombe yovekedwa zitini, koma zikukhala ngati ndinabadwa nazo. Ngakhale chala changa chija chapeza nyumba yake. Kodi kumeneko amagulitsa nsapato zodziwa kale munthu?"

Ah Kong anakankha mbale ya phala n'kusuzumira pafoni, mphuno pafupifupi kugunda galasi. "Ndinaziphunzitsa ndine," anatero monyada. "Muuze asamakoke chidendene. Ndipo apake polishi akabwerako."

Edelyn anamasulira, Tatang n'kuwerama pang'ono kuthokoza nkhalamba imene sanaionepo. Kenako nyimbo inayamba, ndipo Perlita anakweza foni pamwamba pa mitu ya anthu. Edelyn anaona msana wa bambo ake ukuyenda wowongoka pakati pa mabenchi, phazi ndi phazi, pang'onopang'ono, mayendedwe omwe aja a m'khonde. Analira osabisa, ndipo chinali chimwemwe chokhachokha.

Foni itazima anapukuta maso n'kuyang'ana pakhosi pa Ah Kong. Chingwe chinalipo, belu panalibe.

"Ah Kong, lero lokha musandivutitse. Mwaliika pati?"

Nkhalambayo inapitiriza kudya phala lake. Edelyn anayang'ana mumpunga, m'firiji, mumphika wa maluwa. Atatopa anapisa dzanja m'thumba la epuloni yake kuti atenge kansalu, ndipo anakhudza chinthu chozungulira.

"Lisiye momwemo," anatero Ah Kong osadzutsa mutu. "Amene ali kutali ndi kwawo m'nyumba muno ndi iwe. Ukatayika, tidzadziwe kokakutenga."